Mabango a Kuseri kwa Dimba

9 Febuluwale

Okondedwa achimwene,

Ndikukhulupirira kuti muli bwino nonse, inuyo, alamu ndi amayi. Ine kuno ndilipo, kungoti chipinda chimene ndapeza chili pamwamba pa malo owotcherera zitsulo, ndiye ndimawerenga mabuku makutu akulira.

Ndili ndi pempho, koma musaseke. Adalaivala a lole ya mkaka akupatsani katoni ya mabotolo opanda kanthu limodzi ndi kalatayi. Munditungireko madzi a m'khwawa lathu. Ena mutunge kumtunda, pamene paipi ya fakitale yonyika nsalu imalavulira, madzi asanalowe m'mabango. Ena mutunge kumunsi, kuseri kwa dimba lanu, pamene amatulukira. Mabotolo akumtunda muwamange kansanza pakhosi kuti ndisawasokoneze.

Mufunsa kuti chandigwira n'chiyani. Kusukulu kuno tili ndi ngalande yagalasi, yaitali ngati khonde la nyumba yathu. Timatsegula madzi, n'kudonthezamo utoto. Ngalandeyo ikakhala yopanda kanthu, utoto umathamanga, posakhalitsa wafika kumapeto. Tikazikamo timitengo, madzi amachita ulesi. Kuseri kwa kamtengo kalikonse amayamba kuzungulirazungulira ngati munthu wosokera pamsika, utoto n'kubalalika, zolemera n'kutsikira pansi. Aphunzitsi anga akuti timitengo ta m'galasi si mabango, akufuna dambo lenileni. Ndinawauza kuti kwathu lilipo, ndinakuliramo.

Chonde mabangowo musawakhudze mpaka nditamaliza.

Nanga amayi mwendo uja ukuwavutabe? Mundiuze zoona, osati zimene iwo akuuzeni kuti mulembe.

Ndine mlongo wanu.

2 Malichi

Kachule,

Kalata yako yafika, mabotolonso afika, limodzi lokha losweka. Tonse tili bwino.

Mlamu wako wandiseka mpaka misozi. Akuti anthu amatumiza kutauni mazira ndi masamba, ife tikutumiza madzi onunkha. Anzanga akumsika amva kale, akuti ndatsegula bizinesi yatsopano, akufunsa mtengo wa botolo. Koma ndatunga monga unanenera. Dzina lija tinakupatsa uli mwana, tikukuvuula m'matope tsiku ndi tsiku, silinalakwe.

Ndikuuze, madziwa ndinali ndisanawayang'anitsitsepo. Kumtunda amasintha ngati zovala za munthu wolemera. Lolemba anali ofiira, Lachinayi ngati inki, ndipo amatuluka ofunda, akuchita thovu. Kumunsi akutuluka oyera moti abakha anga amamwa, ine n'kuthirira kabichi. Pakati pa mabango ndinalowetsa ndodo. Thope lake lakuda bii, fungo ngati tsitsi lopserera.

Mvula ya chaka chino yamiza mabedi anga akumunsi. Ndimafuna kulambula kanjira pakati pa mabangowo kuti madzi azidutsa msanga, koma poti wapempha, ndidikira. Usachedwe, tomato sadziwa za sukulu.

Apongozi anga kumunsi kuja akumba dziwe lina la nsomba. Akuti ukadzabwera udzawayezerenso madzi, kwaulere, poti ndiwe wachibale. Amayi mwendo ukuwavutabe koma sakhala pansi, m'mawa uliwonse ali m'dimba opanda nsapato. Akuti uzidya, pachithunzi chija ukuoneka ngati bango lomwelo.

Mlongo wako.

20 Epulo

Okondedwa achimwene,

Moni kwa nonse. Ndikulemba ndi chimwemwe chachikulu. Mabotolo anu alankhula!

Zoipa zimene zimalowa kumtunda, zochuluka zedi sizitulukira kumunsi. Mabango amaphwanya liwiro la madzi, madzi n'kudikha, nsenga za utoto ndi zitsulo zake n'kukhala pansi, mizu n'kuzigwira. Aphunzitsi anga, amene sayamikira munthu chisawawa, anavula magalasi n'kunena kuti, "Mtsikana iwe, dambo lako lapambana ngalande yanga."

Sabata yatha anandiimika pamsonkhano. Munali aphunzitsi, akhonsolo, ndiponso amuna awiri a kufakitale ija, atavala masuti, atakhala kutsogolo penipeni. Ndinaonetsa chithunzi chanu chija muli ndi abakha, anthu anaseka mokondwa. Kenako ndinaonetsa botolo lofiira lija, ndikuwayang'ana amunawo m'maso. Achimwene, mukanaona mmene amalembera, mitu ili pansi! Ndikuganiza kuti manyazi awagwira. Mwina tsopano amanga matanki oyeretsera madzi amene akhala akuwazemba zaka zonsezi.

Chimodzi ndinanena momveka, ndipo ndachilembanso kumapeto kwa lipoti langa: mabango sameza zoipazo, amangosunga. Dambo lili ngati thumba, limadzaza. Nthawi inali itandithera, anthu atayamba kale kuyang'ana kumene kunali tiyi, koma ndinanena.

Pirirani pang'ono ndi mabedi omirawo. Ndikamaliza mayeso ndibwera, tidzaone pamodzi poti n'kudutsitsa madzi. Amayi ndawatumizira nsapato zamphira kudzera kwa adalaivala. Azivala, asazisunge m'sutikesi podikira tsiku lalikulu.

Ndine mlongo wanu.

15 Juni

Kachule,

Tilipo. Nsapato zinafika, amayi akuti zimawawotcha mapazi, zili m'sutikesi.

Kwabwera alendo kuno, ndipo ndikufuna undimasulire. Anafika pagalimoto yoyera, awiri a kufakitale ndi mmodzi wa kukhonsolo. Wamkulu wawo anandigwira dzanja ndi manja awiri.

"Inu ndinu achimwene ake a mtsikana wanzeru uja? Tinakuonani pachithunzi!"

Anatulutsa mapepala ako, dzina lako lili pamwamba. Anati, "Bambo, muli ndi chuma kuseri kwa nyumba. Dambo ili ndi sefa yachilengedwe. Mlongo wanu watsimikiza."

Ndisaname, mtima unakwera. Ndinaitana mlamu wako kuti adzamve. Amayi anawapatsa mazira.

Wakhonsolo uja ndiye anamaliza nkhani. Anati fakitale inalamulidwa kumanga matanki, koma poti akatswiri apeza kuti mabango akugwira kale ntchitoyo, palibe chifukwa chovutitsira anthu amene akulemba ntchito ana a m'dera lino. Sabata yotsatira anabwera ndi makina. Aika paipi yachiwiri, yaikulu moti galu angayendemo osawerama. Akhoma chikwangwani chakuti wodula bango pano adzamangidwa. Waya wawo wadutsa pakati pa mabedi anga akumunsi, omwe aja unati ndipirire nawo.

Tsopano madzi salekeza, Lamlungu lomwe. Kumunsi sakutulukanso oyera, akuoneka ngati tiyi. Abakha ayamba kuikira mazira ofewa, ukawagwira amabonyoka ngati chikopa.

Ndinafunsa wamkulu uja za thumba lodzaza limene unandilembera. Anatembenuza mapepala onse pamaso panga. Za thumba munalibe.

Ndiye ndikufunse, mlongo wanga. Unagwirizana nawo zotani anthuwa? Ngati pali chimene ukudziwa, ndiuze wekha, ndisachimvere kumsika. Yankha ndi lole yomweyi.

Mlongo wako.

28 Ogasiti

Okondedwa alamu,

Ndine mkazi wa achimwene anu. Sindinakulemberenipo chikwatiwire, ndipo kalatayi iwo sakuidziwa. Ndikhulupirira muli bwino, poti ife kuno tangokhala osamva kanthu. Lole ikafika iwo amapita kumsewu, adalaivala amangopukusa mutu.

Kuno zinthu zaipa. Madzi achepa chifukwa cha chilimwe, koma mapaipi sanachepetse. Dambo lonse lachita nkhungu yofiirira pamwamba. Fungo limalowa mpaka m'zovala zimene zili m'kabati. Abakha atsala owerengeka, ena amafa ali chikhalire, khosi litapindika. Kumsika ndinabwerako ndi dengu lodzaza, mayi wina anafuula kuti, "Musagule, ndi kabichi wa ku utoto uyo!" Anthu amene ndakhala nawo benchi imodzi zaka zonsezi anayang'ana kumbali.

Amayi atuluka zilonda m'mapazi mpaka m'akakolo. Kuchipatala akuti asapondenso m'madzi amenewa. Amakhala m'nyumba zitseko zotseka, ndipo mukuwadziwa, kukhala pansi kumawadwalitsa kuposa zilondazo.

Chimene chandilembetsa ndi ichi. Munthu wina anawabweretsera achimwene anu nyuzipepala. Munali chithunzi cha aphunzitsi anu akugwirana chanza ndi mkulu uja wa kufakitale, kumbuyo kuli ngalande yagalasi yatsopano, akuti mphatso. Inu munaima pambali. Iwo anayang'ana nthawi yaitali, kenako anati, "Watigulitsa ndi galasi." Ndinati mwina simunadziwe. Anati, "Nanga bwanji sakuyankha?" 

Tsopano amanola zikwanje madzulo aliwonse. Akuti mabango akauma awadula ndi kuwatentha, akumbe ngalande yowongoka, zoipazo zizidutsa msanga zisamagone pakhomo pathu. Ine sindidziwa za madzi, koma ndikudziwa kuti kumunsi kumene zikapiteko ndi kwathu, kuli bambo anga, mng'ono wanga ndi ana ake.

Alamu, lembani. Ngakhale mawu awiri.

Mlamu wanu.

10 Seputembala

Achimwene,

Moni. Ndilibe nthawi ya mawu ambiri, lole ikunyamuka masana ano.

Musadule mabango. Ndikupempha, musadule, musatenthe, musakumbe.

Zonse zimene fakitale yakhala ikutaya zili m'thope limenelo, ndipo chikuzigwira ndi mizu yokha. Mukachotsa mabango, madzi sadzakhalanso ndi chowaphwanya. Mvula yoyamba idzathamanga m'ngalande yanuyo, idzavundula thope lonse kuchokera pansi, n'kulinyamula tsiku limodzi. Zimene zalowa pang'onopang'ono zaka zambiri zidzatsika pamodzi. Zidzalowa m'maiwe a apongozi anu ndi m'zitsime za anthu onse akumunsi. Ndaziona m'galasi: ukazula timitengo, madzi amada nthawi yomweyo.

Kalata yanu ya mu Juni ndinailandira. Sindinayankhe chifukwa ndimafuna ndikuyankheni ndi kanthu m'manja. Ndalembera akhonsolo, ndapitako ndekha, amandiuza kuti abwana ali kumsonkhano. Masamba akumapeto a lipoti langa anawachotsa ndi a kufakitale, si ine. Ndinauza aphunzitsi anga, anati, "Ife timafufuza, sitilamulira mmene anthu amawerengera." Ngalande yagalasiyo anagula ndi a kufakitale, n'zoona. Ine sanandifunse. Anangoti aliyense aime pachithunzi.

Sindinagulitse aliyense. Zandiwawa kuti inu, amene munandipereka kusukulu pa njinga yanu, mungaganize zotero.

Pali bungwe la maloya limene lati lingathe kutithandiza, koma likufuna dambo likhale mmene lilili, ndiwo umboni wathu. Atengeni amayi apite kaye kwa azakhali. Dikirani mpaka mvula idutse. Ndikudziwa kuti ndikupempha chinthu cholemera.

Alamu musawakalipire chifukwa chondilembera.

Mlongo wanu.

6 Okutobala

Kwa akatswiri a zamadzi,

Tikuthokoza kuti mwatikumbukira. Kalata yanu inafika nthawi yabwino, musadandaule kuti inachedwa. Ndinaiwerenga bwinobwino, ndinaimva yonse. Kenako ndinatenga chikwanje.

Mukuti tidikire. Mu Febuluwale munati ndidikire, ndinadikira, anabwera ndi paipi. Tsopano ndidikire maloya amene sindinawaonepo, kuti adzaone umboni. Umboniwo ndi ife, mayi anu ndi mapazi awo. Inu mumagona pamwamba pa owotcherera zitsulo, mukuti phokoso. Bwerani mudzagone kuno, mudzadye chakudya chikununkha utoto.

Mwalongosola bwino kuti mabango amateteza akumunsi. Nanga akukhala m'mbali mwa sefayo ndani? Ndani anatifunsa ngati tikufuna kukhala posungira zonyansa za anthu kuti ena amwe madzi oyera? Azakhali ali ndi chipinda chimodzi ndi ana a ana awo. Amayi akuti pakhomo pamene anaika amuna awo sachokapo chifukwa cha nsalu za anthu.

Ndinadula, anzanga awiri anandithandiza. Titaumitsa tinatentha. Utsi wake unali wachikasu, tinatsokomola mpaka kusanza. Ndakumba ngalande yowongoka ngati msewu. Chikwangwani chija ndachiyala pamwamba pake, ndi mlatho wabwino.

Ndipo tamverani izi, poti mumakonda zotsatira. Madzi sakuimanso. Fungo lachepa. Dzulo amayi anakhala panja koyamba, akusenda nyemba, mphepo ikuwawomba. Mabedi anga akumunsi auma, ndadzalamo anyezi.

Apongozi ndawachenjeza kuti atseke njira ya madzi ya kumaiwe mvula ikayandikira. Khwawa ndi lalitali, zoipazo zikasungunuka m'njira. Khwawa si galasi lanu.

Mlamu wanu sindinamukalipire. Sitikulankhulana, basi.

Ndine mlimi wa pachithunzi.

3 Disembala

Alamu,

Moni sindipereka wautali, mundikhululukire. Ndikulembera pabenchi ya kuchipatala.

Mvula inabwera Lachiwiri masana, yamphamvu. Ndinali pakhonde. Ndinamva mkokomo kuseri kwa dimba, ndinathamangirako. Alamu, sanali madzi. Chinali chinthu chakuda, cholemera, chikugudubuzika m'ngalande ija n'kumadya m'mbali mwake. Achimwene anu anaima m'mvula, fosholo ili m'manja. Anayesa kugwetsera dothi kuti atseke, dothilo linapita ngati shuga m'tiyi. Anatembenuka n'kundiyang'ana. Kenako ananyamuka kuthamangira kumunsi wapansi.

Anafika zitadutsa kale. Bambo anga anali atatseka njira ya madzi monga anawauzira, koma zinadutsa pamwamba. Maiwe onse nsomba zili chagada. Zitsime za m'mbali mwa khwawa zinadzaza thope. Anthu ena anasefa ndi nsalu n'kumwa, poti akanamwa chiyani? Ambiri akutsegula m'mimba ndi kusanza. Mwana wamng'ono wa mng'ono wanga ndiye wavutika kwambiri, ali pa diripi, impso akuti sizikugwira bwino. Ndi iye ndikumudikirira pano.

Bambo anga sanawatukwane achimwene anu. Anangoti, "Mkamwini, chokani pakhomo panga anyamata asanabwere."

Apolisi anawatenga achimwene anu Lachinayi. A kufakitale ndiwo anakadandaula. Pawailesi akuti iwo anateteza anthu ndi sefa yachilengedwe motsatira akatswiri, koma munthu wina woipa mtima anaiwononga. Abweretsa galimoto ya madzi akumwa kumunsi kuno, yolembedwa dzina lawo mbali zonse, ndipo anthu akuiwombera m'manja.

Wapolisi wandiuza kuti mudzaitanidwa kukhoti ngati mboni ya boma, poti dambolo mumalidziwa ndinu. Anatenganso kalata yanu ija yowaletsa kudula, inali m'thumba la jekete lawo. Akuti ikusonyeza kuti anachita akudziwa.

Ine ndili pakati. Uku mwamuna wanga, uku mwana wa mng'ono wanga. Inuyo mukanena chiyani?

Mlamu wanu.

18 Januwale

Okondedwa achimwene,

Ndapempha alamu kuti akupatsireni kalatayi akabwera kudzakuonani. Ndamva kuti mukutsokomola. Ndatumiza juzi ndi sopo, ngati angalole kuti zilowe.

Chisamani chafika. Ndinayesa kukana, loya wa bungwe lija akuti sindingathe, ndikakana andimanga, ndipo lipoti ndi kalata adzaziwerenga ndithu popanda ine. Akuti kuli bwino ndikakhalepo kuti ndikanene mbali inayo.

Ndikufuna mudziwiretu, musakadzidzimuke m'khoti. Akandifunsa ngati kudula mabango ndiko kunamasula thope, ndikavomera. Sindingathe kunena zina. Ndikanama pamenepo, zonse zimene ndinganene zokhudza fakitale zikhala zopanda ntchito, adzati mboniyi ikuteteza mbale wake. Koma ndikanenanso kuti thopelo sanapange ndinu. Ndikanena za paipi yachiwiri, za masamba amene anachotsa, za matanki amene sanamange. Ndikanena kuti dambolo linali litadzaza kale, ndipo mvula ina yaikulu ikanalitsegula ngakhale popanda chikwanje chanu. Ndakonzekera, ndayeserera pagalasi la kubafa ngati wamisala.

Kusukulu aphunzitsi anandiitana. Anati ndiganizire za tsogolo langa, ndiyankhe zimene ndafunsidwa zokha. 

Mwana uja watuluka m'chipatala, koma azipitako mwezi ndi mwezi. Ndinapita kukamuona. Mayi ake anandilandira pakhomo, sanandilowetse.

Sindikudziwa ngati mudzandiyang'ana tsikulo. Ine ndidzakuyang'anani.

Ndine mlongo wanu, ngakhale mukane.

27 Febuluwale

Mlongo,

Atilola kulemba kalata imodzi, ndasankha iwe. Juzi inalowa, sopo anatenga alonda.

Unatuluka m'khoti ukulira, chigamulo sunachimve. Zaka ziwiri. Anzanga aja anawamasula, ndinati ndinali ndekha.

Ndinakuyang'ana, ngati sunaone. Unavala jekete la eni, manja ake aatali. Woimira boma anafunsa, "Kodi mabango akanakhalapo, thope limeneli likanafika kumunsi tsiku limenelo?"

Unati, "Tsiku limenelo mwina ayi, koma..."

"Kodi munamuchenjeza woimbidwa mlanduyu?"

"Inde, koma bwana, thopelo..."

Woweruza anagogoda. "Mayi, amene akuzengedwa pano si fakitale. Yankhani zimene mwafunsidwa."

Unayesanso, ndinakumva. Unatchula paipi, anakudula. Unakweza mapepala ako, anati sali m'gulu la umboni. Mkulu uja wa kufakitale anakhala kumbuyo, mwendo pamwamba pa unzake, akuyang'ana foni. Pa zonse unayeserera kubafa, zimene zinalembedwa ndi "inde" wako.

Sindikunena kuti unanama. Unanena zoona, poyamba ndi pomaliza pomwe. Ukanakhala wabodza bwenzi ndili ndi pokwiyira pabwino. Zoona zako anazitenga koyamba n'kuikira paipi, anazitenga kachiwiri n'kunditsekera muno. Ine ndinatunga ndekha madzi aja, ndi manja angawa, ndikuseka.

Mwana uja sachoka m'mutu mwanga. Ndinamunyamulapo pakhosi, amandikoka makutu. Zimenezo si zako, ndi zanga, usanditengere.

Mlamu wako anabwera kamodzi kudzandiuza kuti akupita kwawo kukathandiza mng'ono wake. Sananene kuti abwerera liti, inenso sindinafunse. Amayi atsala okha. Ngati maphunziro ako ali ndi ntchito ina, iwonetse pamenepo.

Usabwere kudzandiona. Pano timaonana kudzera pa waya, ndipo sindikufuna undione choncho.

Mlongo wako.

21 Epulo

Mwana wanga,

Akundilembera ndi anamwino amene amanditsuka zilonda, ndawauza kuti alembe mmene ndikunenera, asakometse. Ndilipo. Mapazi akupola pang'ono, kuyenda ndi ndodo.

Pakhomo pali zii. Abakha otsala ndinapatsa mlamu wako, sindikanatha kuwathamangira. Anyezi wa mlongo wako anakula yekha, anaola yekha. Madzi akumwa amanditungira mkazi wa aneba akakumbukira. Denga la kukhitchini linagwa ndi mvula yomaliza, ndikuphikira pakhonde.

A kufakitale abweranso. Khoti linawauza kuti adzalenso mabango, ndiye alemba anthu aganyu, akudzala m'mizere ngati chimanga. Ena mwa odzalawo ndi akumunsi komwe kuja, poti nsomba kulibenso. Mapaipi onse awiri akutuluka monga kale.

Mkulu wawo anakhala pa mpando wa bambo ako. Akuti akufuna munthu wodziwa woti aziyang'anira dambolo, kuyeza madzi, kuwauza likadzaza. Akuti pali malipiro, nyumba ya njerwa kumtunda kopanda fungo, ndi chipatala cha kampani cha iwe ndi kholo lako. Akuti anakulembera, iwe unawabwezera kalata yawo itang'ambidwa pakati. Amaseka pofotokoza. Anati, "Amayi, lankhulani naye mwana wanu, ndi waukali ngati inu." Nthawi ino sindinawapatse kanthu.

Anamwino akuti ndisanene zimene ndikufuna kunenazi, koma alemba.

Ukavomere.

Ndikudziwa chimene anthu amenewa ali, ndimachiona m'mapazi mwanga m'mawa uliwonse. Koma iwe ukakana adzapeza wina, woti thumba likadzaza adzalemba kuti silinadzaze. Ndiponso ine ndatopa, mwana wanga. Ndinabala awiri. Wina ali kundende, wina ali kutauni akung'amba makalata, ine ndikukwawira chidebe cha madzi. Mkwiyo wako ndi wabwino, koma sunditungira madzi.

Ukabwera usadzere kumsika. Tsikira pa mlatho, udzere njira ya kuseri.

Mlongo wako ndikamuona Loweruka, aneba andikweza pangolo. Akafunsa za iwe, ndikamuuza kuti ukadali kusukulu.

Mayi ako.